Kalata kwa Mkonzi: Othawa Magulu Osoka Si Amtima Wapachala

Akonzi,

Nkhani ya m'kope lapitali, yoti amayi osiya magulu osoka zofunda za zigamba ku America ndi amtima wapachala, yaphonya kwambiri. Mayi wachilendo amafika ndi chofunda chake choyamba, eni gulu n'kuchitembenuza, kuyamba kuloza pomwe msoko wakhota, moni osamupatsa. Akapanda kubweranso, wolakwa ndani?

Carolyn Mazloomi anakhazikitsa Women of Color Quilters Network mu 1985 poona kuti amayi achikuda a lusoli anali omwazikana, ntchito yawo yosawerengedwa. Ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama, amayi ankasoka zofunda ndi mabuluku akutha komanso masaka, mizere yake yokhotakhota, yomwe onyoza a m'magulu ena akanaiseka. Zofunda zomwezo zinaonetsedwa ku Houston ndi ku Whitney Museum ku New York mu 2002, ndipo mu 2006 zinatuluka pa masitampa a dziko la America.

Wolemba nkhani ija akulangiza achilendo kuti azipirira. Sanatchule n'komwe wapampando amene amangoti duu mnzake akuchititsidwa manyazi, chonsecho chopereka cha umembala cha mayiyo walandira kale.

Wowerenga wanu wokhumudwa