Mlendo ndi mame, koma ku Dzaleka papita zaka 30

Ife ochokera kumapiri a Dowa ndi Ntchisi timaidziwa Dzaleka ngati msika. Lachiwiri lililonse njinga, ngolo ndi timalole timalunjika kumeneko titasenza tomato, anyezi, kabichi, kachewere ndi nkhuku, ndipo madzulo anthu amabwerera ndi ndalama m'thumba, ena ndi chitenje chatsopano, ena ndi foni yomwe amakakonzetsa. Si ambiri mwa ife amene amadzifunsa kuti anthu amene timagulana nawo malondawo adafika liti, ndipo adzachoka liti.

Msasawu udatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ochepa ku Somalia ndi Ethiopia. Mwana amene adabadwiramo chaka choyambacho pano ndi bambo kapena mayi wa ana ake, amayankhula Chichewa ngati ife, sadaonepo dziko lina, koma kuti apite ku Lilongwe, ulendo wosakwana makilomita 50, ayenera kupempha kaye chilolezo. Ife tikuti lamulo lomwe limamutsekera munthu wotereyu latha ntchito, ndipo likutipweteka ife tomwe.

Kuti timvetse zomwe banja lothawa kwawo limafuna, tiyang'ane kaye ku Hungary, dziko la ku Ulaya lomwe timangolimva m'kalasi ya mbiri. Pa 23 October 1956 ophunzira a ku Budapest adayamba zionetsero zokana ulamuliro wachikomyunizimu wotsogozedwa ndi Soviet Union. Pa 4 November akasinja a Soviet adalowa mumzindawo ndi kuphwanya zonse. Anthu pafupifupi 200,000 adathawa, ambiri mwa iwo kulowera ku Austria. Mabanja ankayenda usiku m'nyengo yozizira, kudutsa m'madambo ndi pa kamlatho kamatabwa ka ku Andau, ana ali kumsana, m'manja muli kachikwama kamodzi basi. Mpaka apa nkhani yawo sikusiyana ndi ya banja lochokera ku Uvira kapena ku Bujumbura lomwe lafika pa Karonga litadutsa Tanzania.

Kusiyana kuli pa zomwe zidachitika atawoloka. A ku Hungary nawo adagona m'misasa, monga wa Traiskirchen, koma kwa ambiri idali nkhani ya masabata kapena miyezi. Pasanathe zaka ziwiri ochuluka adali atalandiridwa m'maiko oposa 30. Canada yokha idatenga pafupifupi 37,000. Bambo adapeza ntchito m'fakitale, mayi adayamba kuphunzira chiyankhulo, ana adalowa sukulu limodzi ndi ana a eni dziko. Sitikunena kuti zidali zophweka. Madokotala ena adayamba ndi kukolopa pansi. Koma palibe amene adawaletsa kukolopako, ndipo palibe amene adawaletsa kukwera pamwamba.

Nkhani yomwe imatikhudza kwambiri ife ophunzira ndi ya sukulu ya zankhalango ya mumzinda wa Sopron. Ophunzira pafupifupi 200 ndi aphunzitsi awo 14 adathawira limodzi, ndipo mu 1957 yunivesite ya British Columbia ku Vancouver idawalandira onse ngati gulu, nkuwalola kupitiriza maphunziro m'chiyankhulo chawo mpaka adatenga madigiri. Ambiri adadzagwira ntchito m'nkhalango za Canada moyo wawo wonse. Padalinso mnyamata wina, András Gróf, yemwe adathawa ali ndi zaka 20, msinkhu wa ambiri a ife. Adafika ku New York asakudziwa bwino Chingerezi, adaphunzira, nkudzakhala Andy Grove, mkulu wa kampani ya Intel yomwe zipangizo zake zili m'makompyuta omwe timalembera ma asayimenti. Akadafikira pansi pa lamulo ngati lathu, bwenzi atakalambira pamzere wolandira thandizo.

Tikudziwa zomwe wina anganene, ndipo akunena zoona: Malawi si Canada. A ku Hungary adalandiridwa msanga chifukwa adali azungu, chifukwa maiko akumadzulo ankafuna kuchititsa manyazi Soviet Union, komanso chifukwa mafakitale awo ankasowa antchito. Lero maiko omwewo atseka zitseko. Pa anthu zikwizikwi a ku Dzaleka, amene amapeza mwayi wosamutsidwira kunja ndi ochepa kwambiri, ndipo mu January 2025 dziko la America lidaimitsa ndondomeko yake yolandira othawa kwawo. Koma izi zikungolimbitsa mfundo yathu. Ngati ndege siikubwera, ndiye kuti moyo watsopano wa mabanjawa uyambira konkuno kapena suyamba konse.

Lamulo lathu lidalembedwa ndi alendo ena m'maganizo. Pomwe Malawi inkasaina pangano la 1951 la othawa kwawo, mu 1987, idakaniratu mfundo zingapo, mwa zina ufulu woyenda ndi kukhala komwe munthu afuna, ufulu wolembedwa ntchito ndi mwayi wodzakhala nzika. Lamulo la othawa kwawo lidatsatira mu 1989. Nthawi imeneyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idali itathamangitsira kuno anthu a ku Mozambique, omwe adafika poposa miliyoni imodzi, m'maboma monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Makolo athu adagawana nawo minda, zitsime ndi nkhuni, chinthu chomwe tiyenera kuchinyadira. Mtendere utabwera mu 1992 anthuwo adabwerera, ndipo pofika 1995 misasa yambiri idali mabwinja. Mwambi woti mlendo ndi mame udapherezera. Koma kummawa kwa Congo nkhondo yatenga zaka pafupifupi 30, ndipo mu January 2025 zigawenga za M23 zidalanda mzinda wa Goma. Tiziwauza kuti abwerere kuti?

Zomwe zidachitika mu 2023 zidationetsa mapeto a kukakamira lamulo lakale. Boma lidalamula kuti onse okhala kunja kwa msasa abwerere pofika 15 April. Pa 17 May apolisi ndi asilikali adayamba kugwira anthu mu Lilongwe, ndipo mazanamazana, ana omwe, adayamba agonekedwa kundende ya Maula asadatengeredwe ku Dzaleka. Mabanja omwe ankadzidyetsa okha, kulipira lendi kwa eni nyumba Achimalawi ndi kulemba ganyu anyamata Achimalawi, adasanduka olandira thandizo. Ana adachotsedwa m'makalasi pakati pa chaka. Ndipo chaka chomwecho bungwe la WFP, posowa ndalama, lidadula thandizo la chakudya mumsasamo ndi theka. Tidatenga anthu odzidalira nkuwaika pamzere wa mphika womwe udali kale wosakwanira.

Madandaulo a anthu akwathu sitikuwapeputsa. Wagolosale wa ku Mponela amene amati "Maburundi" amagulitsa motchipa mpaka iye kusowa kasitomala sakunama za ululu wake. Amayi a m'midzi yozungulira msasa amene tsopano amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni sakunama. Nkhani yachitetezo nayo ilipo: pakhalapo anthu oganiziridwa kuti adatenga mbali pa kuphana kwa ku Rwanda mu 1994, ndipo ena adatumizidwa kwawo kukayankha milandu. Koma tiyeni tione bwino. Mitengo ikutha chifukwa taunjika anthu 50,000 pamalo amodzi popanda njira ina yophikira. Kuwaunjikanso ambiri sikumeretsa mtengo. Wopalamula amafufuzidwa ndi dzina lake, osati potsekera mdzukulu yemwe adabadwa zaka 20 mlanduwo utachitika. Ndipo wamalonda amene ali ndi chiphaso amakhoma msonkho, pomwe wamalonda amene lamulo silimuona amangodyetsa aziphuphu. Tisaiwalenso kuti chipatala ndi sukulu za ku Dzaleka zimathandiza ndi anthu a m'midzi yoyandikana nayo, ndipo mlimi wa tomato wa ku Ntchisi sangakondwe msikawo utafa.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhaniyi imatipweteka penapake. Mwana wa ku Dzaleka amaphunzira silabasi yomweyo imene tidaphunzira ife. Amaloweza maboma a dziko lino, amalemba chimangirizo m'Chichewa, amakhala pamayeso a MANEB tsiku limodzi ndi mng'ono wathu wa ku Malomo. Mphunzitsi wake amamuuza zomwe tidzauzenso ana athu: limbikira sukulu, udzakhala namwino, udzakhala injiniya. Akakhoza MSCE amapeza khoma. Ochepa amapata mwayi wa bungwe la WUSC lomwe limatengera ophunzira ku mayunivesite a ku Canada, ena amathandizidwa ndi thumba la DAFI kapena maphunziro a pa intaneti a Jesuit Worldwide Learning. Otsalawo amabwerera kukakhala pakhonde. Onani nthabwala yake: ife tilime, tipalire, Canada yomwe ija ibwere kudzakolola ngala zonona zokhazokha. Ndipo ngakhale amene wamaliza digiri konkuno alibe njira yowongoka yolembedwera ntchito.

Mumsasamo muli aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, ena oyankhula Chifalansa chibadwire, muli anamwino, amakaniko ndi osoka. Amene amaphunzitsa momwemo amalandira kangachepe kongowathokoza, osati malipiro enieni. Pomwe izi zili chomwechi, aliyense wa ife akudziwa CDSS ya kumapiri kwathu komwe mphunzitsi mmodzi amanyamula masamu, fizikisi ndi bayoloje chifukwa palibe wina. Mwana wamnzako ngwako yemwe, timatero, koma apa ngakhale kudzikonda kokha kukadatiuza kuti tikutaya chuma. Zomwe anthuwa angathe taziona kale: Trésor Nzengu Mpauni, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi wodziwika kuti Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo chakhala chikukokera alendo zikwizikwi ku Dowa, omwe amagona m'nyumba za othawa kwawo ndi kusiya ndalama m'deralo.

Palinso mbiri ya malowo, yomwe agogo athu amaitchula motsitsa mawu. Dzaleka isadakhale msasa idali ndende ya nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo dzinalo limanena zomwe wandende ankayenera kulonjeza: ndidzaleka. Mwa amene adazunzikiramo mudali a Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967 ndipo ankakana kugula khadi la chipani. Mu 1972 zikwizikwi za iwo zidathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kenako ku Mozambique. Timasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, koma ife osunga Sabata sitifunika kutiuza tanthauzo la chikumbumtima chikawombana ndi lamulo la boma, ndipo lamulo la Sabata lomwelo limamuwerengera mlendo pakati pa oyenera kupuma. Amalawi tidakhalapo othawa kwawo. Ngakhale lero abale athu akathamangitsidwa ku Durban kapena ku Johannesburg, monga mu 2008 ndi 2015, timati ndi nkhanza, ndipo timafunsa kuti munthu wongofuna kugwira ntchito walakwanji.

Anansi athu, osauka ngati ife tomwe, adayesa njira zina. Lamulo la Uganda la 2006 limalola othawa kwawo kuyenda ndi kugwira ntchito. Tanzania mu 2014 idapereka unzika kwa anthu pafupifupi 162,000 a ku Burundi omwe adathawa mu 1972, pamodzi ndi ana awo. Zambia idatsegula njira yoti ena mwa amene adathawa ku Angola akhazikike mozungulira Meheba ndi Mayukwayukwa. Palibe mwa njirazi yopanda mavuto, koma maikowo sadagwe. Kuno nkhani yomwe yakhala ikumveka ndi yomanga msasa wina ku Chitipa. Ungachepetse kuthinana, inde, koma mwana wobadwira kumeneko adzafikanso pakhoma lomweli akadzalemba MSCE.

Sitikupempha kuti mawa zipata zonse zitsegulidwe. Tikupempha aphungu, makamaka a ku Dowa ndi Ntchisi omwe nkhaniyi ili pakhomo pawo, kuti pokonzanso lamulo la 1989 ayambe ndi gulu lomwe palibe angalikayikire: mwana wobadwira m'dziko muno kapena wophunzira sukulu yake yonse muno apatsidwe chiphaso chophunzirira ndi kugwira ntchito paliponse, ndipo amene ali ndi luso lomwe dziko likusowa ayesedwe ndi mabungwe athu oona za aphunzitsi ndi anamwino, akakhoza alembedwe.

Zina sizikufunika kudikira nyumba yamalamulo. Makoleji a mipingo ali ndi mphamvu pa malo ophunzirira ndi pa fizi zawo. Angathe kupatula malo angapo chaka chilichonse, kulipiritsa ana a ku Dzaleka fizi yofanana ndi ya Amalawi, ndi kuthandiza kuwapemphera chilolezo chotulukira mumsasa. Ife eni ake, nthawi yokayeserera kuphunzitsa ikakwana, timalimbirana sukulu zam'tauni zokhala ndi magetsi ndi netiweki. Pempho lathu ku dipatimenti ndi loti pamndandanda wa chaka chamawa pakhalenso sukulu za ku Dzaleka ndi za m'midzi yoizungulira, ndipo ena mwa ife talembetsa kale maina.