Mtokoma Wosiyidwa Pakhonde Sunafike kwa Mwiniwake

Kwa ife amene tidakulira m'dziko limene munthu wanzeru sasiya ngakhale khasu panja usiku, n'chinthu chovuta kuchimvetsa kuti m'mizinda ya ku America ndi ku Britain, maiko amene timawayesa akatswiri pa zamalonda, mthenga wa sitolo amafika pa nyumba ya mwini dzuwa lili paliwombo, naika pansi phukusi la lamya, la nsapato kapena la mankhwala a wodwala, nalijambula chithunzi, nabwerera ku galimoto yake osaonana maso ndi munthu aliyense, ndipo m'mabuku a kampani mulembedwa kuti katundu wafika. Mwini nyumba ali kuntchito, anansi adzitsekera m'nyumba zawo, ndipo phukusilo litandala pakhonde kufikira madzulo, dzina la sitolo lili pamwamba pake m'zilembo zazikulu zoti yense wodutsa mumsewu awerenge. Tsono popeza mbala zidaphunzira kulondola magalimoto amenewa m'mbuyo ndi kutola chimene chasiyidwa, eni maikowo akudandaula kwambiri, ndipo abale athu amene akukhala ku Leeds, ku Manchester ndi ku Indiana akudandaula nawo pamodzi.

Wakuba ndi wakuba, ndipo palibe mawu amene angamuyeretse. Komatu ine ndinena kuti mwambi wa nkhani imeneyi suli pa wakubayo yekha, pakuti munthu woyanika ufa pamphasa pakati pa bwalo mbuzi zili zosamanga, nachoka kupita kudimba, akabwerako napeza mphasa ili mbee, sangathe kunena kuti mlandu wonse ndi wa mbuzi. Amene amayanika katundu wa anthu pakhonde ndi makampani, ndipo amatero mwadala, atawerengera bwino phindu lawo.

Tiyeni tione m'mene mkhalidwe umenewu udayambira. Kampani ya Amazon, imene idabadwa m'chaka cha 1994 ngati sitolo yogulitsa mabuku pa intaneti, idalonjeza m'chaka cha 2005 kuti yense wolipira ndalama yapachaka adzalandira katundu wake m'masiku awiri okha, ndipo masitolo ena, poopa kutsalira, adayamba kulonjeza zofanana nazo. Koma liwiro lotere lili ndi mtengo wake, ndipo woyamba kuulipira ndi dalaivala uja, amene amapatsidwa makomo ochuluka koposa oti awayendere tsiku limodzi, kompyuta ikumuwerengera mphindi iliyonse. Kotero kuti kugogoda, kudikira kuti nkhalamba ifike pachitseko, kapena kubwerera ndi phukusi kuti adzayesenso mawa, kwa iye ndi kwa abwana ake kuli ngati kutaya ndalama. Pamene mliri wa Covid-19 udafika m'chaka cha 2020, anthu naopa kukhudzana manja, mwambo wosayinitsa wolandira udalekeka pa chifukwa chomveka. Koma mliri utapita mwambowo sudabwerere m'malo ambiri, popeza makampani adali atalawa kutsika mtengo kwa ntchito yopanda kugogoda. Makolo athu adanena kale kuti kuthamanga si kufika, ndipo sindidziwa malo ena pamene mawuwa akwanira ndendende ngati pa khonde limene phukusi lidafika msanga koma mwiniwake sadaliona.

Mankhwala amene atchuka koposa kumeneko ndi kamera. Anthu miyandamiyanda adagula belu la pakhomo lokhala ndi diso, limene limatumiza chithunzi cha mlendo aliyense ku lamya ya mwini nyumba ngakhale ali kutali, ndipo malonda a mabelu amenewa adakula kotero kuti m'chaka cha 2018 kampani ya Amazon idagula kampani ya Ring imene imawapanga. Sinditsutsa kuti diso lotere liopsezako mbala zamantha. Koma diso liona chabe, siligwira dzanja; ndipo wakuba wovala chipewa ndi chophimba kumaso, amene ntchito yake yonse itha m'kanthawi kochepa koposa kamene munthu atenga potulutsa lamya m'thumba, amasiyira mwini katundu chithunzi chomuwawitsa mtima basi, popanda china chilichonse. Apolisi nawo, amene ali ndi milandu ya kupha ndi ya kuthyola nyumba, sangathamangire phukusi lililonse la malaya. Ndiponso pali chinthu chimene chindivuta mumtima: m'dera limene khomo lililonse lili ndi diso lake, mlendo wofunsa njira, mnyamata wofuna ganyu ndi munthu wa khungu losiyana ndi la eni dera amasanduka oganiziridwa, zithunzi zawo nkumayenda m'malamya a anthu asanalakwe kanthu, pamene wosauka, wokhala m'nyumba yosanja imene khomo lake ndi la mabanja ambiri, amene kumubera phukusi limodzi ndi kumubera thukuta la masiku angapo, alibe kamera ndipo alibe khonde lakelake.

Ena adatembenukira ku lamulo. Ku America kuba makalata a positi ya boma ndi mlandu umene ungamangitse munthu zaka zisanu, ndipo m'chaka cha 2019 chigawo cha Texas chidakhwimitsa lamulo lake kuti likhudzenso maphukusi a makampani wamba, kotero kuti woba m'makomo 30 kapena kuposa apo angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 10. Chilango n'choyenera. Koma chilango chimadza katundu atapita kale, ndiponso chimagwera yekhayo amene wagwidwa.

Funso limene liyenera kufunsidwa poyamba ndi lakalekale, ndipo lili ngakhale m'chilamulo cha Mose, pa Eksodo 22, pamene pakambidwa za munthu wosungiza mnansi wake ndalama, katundu kapena chiweto, chinthucho n'kubedwa chili m'manja mwa wosungayo: kodi kutayikaku kugwere yani? Pakuti yense adziwa kuti munthu asamala koposa chinthu chimene adzalipira yekha chikatayika. Pamenepa aphungu a ku Britain adaona patali. Lamulo lawo loteteza ogula, la Consumer Rights Act la m'chaka cha 2015, lidakhazikitsa kuti katundu akhalabe pa mutu wa wogulitsa kufikira atalowa m'manja mwa wogula, kapena m'manja mwa munthu amene wogulayo adamutchula kuti amulandirire. Kutanthauza kuti phukusi losiyidwa pakhonde popanda chilolezo cha mwini, likabedwa, sitolo ndiyo iyenera kutumiza lina kapena kubweza ndalama, ndipo chithunzi cha khonde si umboni wakuti munthu adalandira. Ku America kuli kosiyana, popeza masitolo ambiri amalemba m'mapangano awo kuti katundu asanduka wa wogula pa nthawi imene waperekedwa kwa wonyamula, ndipo ngakhale kawirikawiri amabwezadi ndalama kwa wodandaula, amatero mwa kufuna kwawo, pofuna kusunga makasitomala. Ine ndiyesa kuti a ku Britain ndiwo adalondola, chifukwa amene asankha wonyamula, namuikira chiwerengero cha makomo, nalamula kuti asagogode, ndi wogulitsa. Ndipo n'kusaweruza bwino kuti wina asankhe njira, wina alipire zotayika panjirapo.

Apa ndipatukeko pang'ono, ndilankhule ndi inu abale athu amene muli ku Britain, ambiri a inu ogwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba, amene mumachoka m'bandakucha ndi kubwerera usiku, nthawi zina mutagula katundu woti mudzatumize kumudzi. Katundu wanu akasowa, musataye nthawi kukangana ndi kampani yonyamula. Pangano lanu lili ndi sitolo imene idalandira ndalama zanu, ndipo dandaulo lanu lipite kumeneko. Koma chenjerani ndi kafunso kaja kamene amakufunsani pogula, kakuti asiye pati mukapanda kupezeka. Pakuti mukalemba nokha kuti aike kuseri kwa bini kapena pansi pa mpanda, iwo nachitadi monga mudanenera, sitolo ingathe kukana mlandu, inu n'kutsala opanda katundu ndi opanda ndalama.

Njira imene yaonetsa mphamvu yeniyeni ndi yosadabwitsa konse: katundu adikire mwiniwake pamalo otseka. Ku Germany kampani ya DHL idayamba m'chaka cha 2001 kuimika makabati achitsulo okhala ndi timakomo tambirimbiri pafupi ndi masitolo ndi masiteshoni, m'mene wonyamula amatsekera phukusi, mwiniwake nalandira uthenga pa lamya, nadzatsegula pa nthawi imene iye afuna, kaya ndi usiku. Ku Poland kampani ya InPost idayamba zomwezo m'chaka cha 2009, ndipo lero makabati ake m'dzikomo apitirira 20,000, kotero kuti kwa anthu ambiri kumeneko kukatenga phukusi pakona ya msewu ndiyo njira yozolowereka. Ngakhale Amazon yomwe idaika makabati ake kuyambira 2011. Pafupi ndi ife, ku South Africa, masitolo a PEP ali ndi ntchito yotchedwa PAXI, imene munthu amapereka phukusi pa sitolo ina, m'bale wake nakalitenga pa sitolo ya kwawo. Wonyamula apindula, chifukwa atsitsa maphukusi ambiri pamalo amodzi, wogula apindula, wosapindula ndi mbala yokha.

Wina adzati, nanga wolumala, nanga nkhalamba, nanga mayi wa khanda amene sangathe kuyenda kukafika ku kabatiko? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndilo chifukwa chake kubweretsa katundu pakhomo sikuyenera kutha. Koma anthu otere ndiwo amene amapezeka panyumba, ndipo chimene afuna ndicho kuti mthenga agogode, adikire, napereke m'manja. Kwa ena onse pali mnansi. Ku Germany n'chizolowezi kuti wonyamula akapanda kupeza mwini asiye phukusi kwa woyandikana naye, naika kakalata konena kumene lili. Ndipo khalidwe lotere, limene silifuna batire kapena intaneti, lifuna chinthu chimodzi chokha chimene chikusowa m'mizinda yambiri ya anthu olemera, ndicho kudziwana maina. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Tsono nkhaniyi itikhudza bwanji ife kuno? Kwathu mtokoma sudayambe wasiyidwapo pakhonde. Pamene makolo athu adali ku migodi ya ku Johannesburg ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, bulangete kapena nsalu yopita kwa mayi kumudzi inkayenda m'manja mwa munthu wodziwika dzina ndi mudzi, amene pofika ankaipereka pamaso pa mboni, nanena mawu amene adatumidwa nawo. Ndipo wa positi naye ankaika kapepala m'bokosi, mwini phukusi nakasayina yekha pa kauntala. Kufikira lero katundu wotumizidwa pa basi kuchokera ku Blantyre kunka ku Mzuzu amadikira mu ofesi kufikira mwiniwake atafika ndi kudzizindikiritsa. Ena amayesa zimenezi kutsalira, koma taonani, ndi kumene a ku Germany ndi a ku Poland afikako atazungulira njira yaitali ndi ya ndalama zambiri.

Komabe chakudza sichiimba ng'oma. Malonda a pa WhatsApp ndi pa Facebook akula m'mizinda yathu, ndalama zimalipiridwa kale pa Airtel Money kapena pa Mpamba katundu asanaoneke, wa kabaza wa njinga yamoto ndiye wasanduka mthenga, ndipo bungwe la MACRA lidayamba ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba, imene ikadzatha idzatsegula njira yakuti katundu azifika pakhomo la munthu aliyense. Zonsezi ndi zabwino. Koma zizindikiro za matenda omwe aja zayamba kuoneka: katundu woperekedwa kwa mwana wosewera pageti, kapena kwa mlonda amene dzina lake silidalembedwe paliponse, wa kabaza wotoledwa pamsewu amene wogulitsa sadziwa ngakhale kumene agona, ndiponso yankho lija lowawa limene wogula amalandira akadandaula, lakuti ife kuno tidatumiza. Amene amalira pamapeto pake ndi mayi amene adasonkha ndalama ya miyezi ingapo kuti agule lamya ya mwana wake wa ku koleji.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a MACRA, amene amapereka ziphaso kwa makampani onyamula katundu, kuti pa chiphaso chilichonse pakhale lamulo lakuti phukusi lisawerengedwe kuti lafika popanda dzina ndi siginecha ya wolandira, kapena nambala yachinsinsi yotumizidwa ku lamya yake. Ndipempha eni magolosale, mafamase ndi malo omwetsera mafuta, pamodzi ndi a Malawi Posts Corporation amene ali kale ndi nyumba m'maboma onse, kuti aganizire zokhala malo osungira maphukusi pa mtengo wochepa. Ndipo koposa zonse ndipempha aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi a Competition and Fair Trading Commission, kuti alembe momveka, m'mawu amene wogulitsa wa pa WhatsApp angawamve, kuti katundu ali pa mutu wa wogulitsa kufikira atalowa m'manja mwa wogula. Lamulo limeneli lilembedwe tsopano, makampani akuluakulu asanazolowere njira ina.