MAU OSASA SI NKHANI YAMASEŴERA

Anthu ambiri a m'boma la Karonga sada nkhaŵa munthu akasasa mau. Ena amati ndi chimfine, ena amati ndi fumbi la m'chilimwe, pamene ena amati mwini wakeyo anaimba kwambiri kumaliro. Nzoona kuti kusasa kotere kumatha kokha patapita masiku oŵerengeka. Koma mau akakhala osasa kupitirira milungu itatu, m'kholingo mumakhala muli kanthu koyenera kuti a chipatala akaone.

Nthenda yoyamba imene imabisala m'mau osasa ndi chifuwa chachikulu. Nthendayi siikhala m'mapapo mokha ai, imakweranso mpaka m'kholingo, ndipo wodwala wotere amapatsira a m'nyumba mwake mosavuta. Karonga anaphunzitsa dziko lonse zambiri za nthenda imeneyi. M'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA linayamba kufufuza za khate ku Chilumba, ndipo pakati pa 1986 ndi 1989 anthu a m'bomali oposa 120,000 anabayidwa katemera pa ntchitoyo. Zotsatira zake zinalengezedwa mu 1996: katemera wa BCG wobwereza anachepetsa khate, koma sanateteze anthu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Choncho chipsera cha katemera chimene chili pamkono sichifukwa chokhalira phee. Chofunika ndi kukayezetsa makhololo msanga, pakuti mankhwala ake ndi aulere ndipo amachiza m'miyezi isanu ndi umodzi.

Nthenda yachiŵiri ndi khansa ya kholingo, imene imakonda kugwira anthu osuta fodya ndi akumwa moŵa kwambiri. Pamenepa ndi pamene pagona mantha a anthu. Amamva kuti wodwala pakhosi akafika kuchipatala amakamboola khosi, ndiye amasankha kukhala pakhomo namwa mizu ya mitengo. Kunena zoona, madokotala amaboola kabowo patsogolo pa khosi ndi kuikapo kachubu makamaka pamene njira ya mpweya yatsekeka, wodwala akubanika. Kachubuko nkopulumutsa moyo, ndipo ambiri amakachotsa vuto likatha, bala nkupola. Ofufuza za maopaleshoni a pakhosi m'maiko ambiri apeza chinthu chimodzi: khansa yopezeka idakali yaing'ono imachizika mau a munthu osatayika, pamene yopezeka mochedwa imachititsa kuti kholingo lonse lichotsedwe. Chimene chimadzetsa mpeni waukulu ndi kuchedwa.

Ena anganene kuti akatswiri ali kutali, ndipo sakunama. Kuchoka ku Karonga kukafika ku Mzuzu Central Hospital ndi mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Dr Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa m'dziko muno wa maopaleshoni a makutu, mphuno ndi m'mero, anakhazikitsa ntchitoyi, chili kutali koposa. Komatu kutalika kwa njira ndi chifukwa chonyamukira m'mamaŵa. Ulendowo umayambira pa chipatala chaching'ono cha pafupi, kumene amalemba kalata yopita ku chipatala cha boma ku Karonga, ndipo odwala ambiri thandizo lao limathera pomwepo.

Akuluakulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Munthu aliyense amene mau ake asasa kwa milungu itatu, kapena akuvutika kumeza, kapena akupuma mwaphokoso, asadikire kuti ayambe wakolola mpunga wake. Abale ake amperekeze kuchipatala mpweya udakali kudutsa bwino.