Mpeni wobuntha umafuna mwala wokhakhala

Lero tisiye kaye za masikimu ndi zochonga mayeso, tikambe za mwala wonolera mpeni, makamaka wadayamondi uwu umene ena mwayamba kuitanitsa kapena kubwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Ena mwa inu muli ndi butchala, ena malo odyera, ena chiwaya cha tchipisi, ndipo mpeni ndiye khasu lanu. Maganizo anga ndi awa: ngati ndalama ikukwanira mwala umodzi wokha, gulani wokhakhala, wa nambala yapakati pa 300 ndi 400. Wosalala udikire kaye.

Tiyambe ndi chinthucho. Timautchula mwala, koma kwenikweni ndi chitsulo chafulati chimene pamwamba pake anamatapo timchenga tadayamondi pogwiritsa ntchito chitsulo china chotchedwa nickel. Dayamondiyo si wokumba pansi ayi, ndi wopanga m'fakitale, ntchito imene akatswiri a kampani ya General Electric ku America anaikwanitsa m'chaka cha 1954. Pa sikelo ya kulimba kwa miyala imene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, dayamondi ali pa 10, pamwamba penipeni, pamene quartz, amene ali mu mchenga wa kumtsinje, ali pa 7. Ndiye palibe chitsulo cha mpeni chimene dayamondi angalephere kuchipala.

Nambala yolembedwa pa mwala imanena za kukula kwa timchengato. Ikakhala yaing'ono, timchenga ndi tikulutikulu ndipo mwala ndi wokhakhala. Ikakhala yaikulu, mwala ndi wosalala. Kampani ya DMT ya ku America ili ndi mwala wa 325 umene timchenga take ndi ta ma micron 45, wa 600 wa ma micron 25, ndi wa 1200 wa ma micron 9. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita. Miyala ya Atoma ya ku Japan imabwera ndi manambala 140, 400, 600 ndi 1200. Makampani sawerengera mofanana ndendende, choncho musadabwe 325 wa uyu akamafanana ndi 400 wa winayo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira wokhakhala? Mpeni wobuntha ndi mpeni umene mbali zake ziwiri zasiya kukumana kunsonga yodulira, pamalo pake pakhala pobulungira. Kunola ndi kuchotsa chitsulo mbali zonse ziwiri mpaka zikumanenso. Mwala wa 1200 umachotsa chitsulo pang'onopang'ono kwambiri. Munthu amatopa, dzanja limayamba kugwedezeka, mpeni umapendekeka mosiyanasiyana, ndipo mapeto ake mpeni ukunyezimira koma tomato osadula. Wokhakhala umamaliza ntchito yomweyo dzanja lisanatope. Zili ngati mwana wa Fomu 1 amene sanagwire bwino kuchulukitsa manambala: mungam'patse mapepala akale a MSCE ochuluka bwanji, vuto likadali pansi. Mwala wosalala umangokometsa ntchito imene wokhakhala wagwira kale.

Komanso kukhakhala kuli ndi malire. Mwala wa 120 kapena 140 ndi wokonzera mpeni wobenthuka kapena wothyoka nsonga. Mukamanolera tsiku ndi tsiku, mpeni wanu uonda msanga ngati mipeni ya agogo ija yotsala ngati lilime la njoka. Wa 300 mpaka 400 umachotsa chitsulo mwachangu ndithu, koma umasiya mpeni uli ndi timano ting'onoting'ono timene timaluma bwino pa nyama, pa khungu la tomato ndi pa chingwe. Kukhitchini ya kwathu kuno, kuthwa kumeneko n'kokwanira.

Ndikudziwa kuti ena mufunsa kuti, kodi makolo athu ankanolera dayamondi? Iwo ankanola pa mwala wa kudambo, ife tikunola pakhonde la simenti, ndipo ndiwo zikudulidwa. N'zoona. Mipeni yambiri ya pamsika ndi ya chitsulo chofewa, ndipo mchenga wa mu simenti umachipala. Mwala wotuwa wa mbali ziwiri wa m'mahadiweya nawonso umagwira ntchito, ndipo ngati pakhomo panu pali mipeni iwiri yokha, musavutike, umenewo ukukwanirani. Vuto lake ndi lakuti umakumbika pakati ngati mphero, ndipo mwala wokumbika sunola mowongoka. Wadayamondi sukumbika. Kwa munthu wodula nyama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena wophikira ana mazanamazana pasukulu yogonera komweko, kusiyana kumeneku ndi nthawi ndi ndalama. Ndi zalanso, pakuti mpeni wobuntha ndiye umafuna mphamvu, nkuterereka pa anyezi n'kutera pachala.

Pogula yang'anani zinthu zinayi. Choyamba, msinkhu. Mwala ukhale wa masentimita 20 m'litali ndi 7 m'lifupi kapena kuyandikira pamenepo, kuti mpeni wautali uziyenda momasuka. Chachiwiri, ukhaledi wafulati. Ikani rula yachitsulo pamwamba pake n'kuloza kowala; kuwala kukadutsa pakati, ubwezeni. Timiyala totchipa tija togulitsa titatu pamodzi, tokhala kachitsulo kopyapyala komata pa pulasitiki, kawirikawiri timapindika, ndipo mumalipira katatu kuti mugwiritse ntchito kamodzi. Chachitatu, sankhani wopanda mabowo pamwamba. Wamabowo uli ndi ubwino wake, pakuti fumbi la chitsulo limagwera m'menemo, koma nsonga ya kampeni kakang'ono imakodwamo. Chachinayi, werengani mtundu wa dayamondi. Ngati palembedwa monocrystalline, ndiye kuti kamchenga kalikonse ndi kamodzi kathunthu ndipo sikanyenyeka msanga.

Mukagula, mdani wamkulu wa mwalawo ndi mphamvu zanu. Timchenga tija tangogwiridwa ndi nickel wopyapyala, ndipo mukadinikiza kwambiri timazuka, mwala n'kusanduka chitsulo wamba. Thirani madzi pang'ono, goneketsani mpeni mopendeka madigiri 15 mpaka 20, ndipo muziuyendetsa mopepuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mukukayika kapendekedwe, detsani m'mphepete modulira ndi maka yolembera pa tchati. Pamene inki yachoka ndi pamene mwala ukukhudza. Nolani mbali imodzi mpaka mumve ndi chala kachitsulo kopindikira mbali inayo ngati kawaya, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mbali ziwiri zakumana. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenako chotsani kawayako pokoka mpeni chobwerera m'mbuyo pa lamba wachikopa kapena pa katoni.

Dziwaninso kuti mwala watsopano umakhala waukali kwambiri masiku oyamba, kenako umafatsa. Sikuti watha, wangokhazikika. Mukamaliza, utsukeni ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, n'kuupukuta mpaka uume kuti usachite dzimbiri. Ndipo chonde, chikwanje, chikwakwa, nkhwangwa ndi khasu zisayandikire mwalawu. Zimenezo ndi za tupa, imene ndi yotchipa ndipo inapangidwira ntchito imeneyo. Aphunzitsi a Agriculture, mwala wanu mukausiya m'sitolo ya zipangizo za kumunda, ana aunolera zikwakwa tsiku la manyuwo, teremu isanathe muulira.

Ndalama ya mphunzitsi timaidziwa tonse mmene imathera mwezi usanafike pakati. Mwala wabwino wadayamondi si wotchipa, choncho ugulidwe kamodzi ndipo ukhale woyenera. Wa 600 kapena wa 1200 mudzagula m'tsogolo, dzanja likadzazolowera ndipo mukadzafuna mpeni wometa tsitsi. Pakadali pano pezani umodzi wokhakhala, wautali, wafulati, muphunzire kumva kawaya kaja ndi chala, ndipo muphunzitsenso wina wa pakhomo panu kapena wa pantchito panu.