Kacharuto ka mphindi khumi: wogula ayang'ane tsamba, osati dzina

TETE - Charuto wamkulu safuna munthu wothamanga. Ena amatenga ola lathunthu kuti athe, ndipo akazima pakati n'kudzamuyatsanso mawa lake amawawa m'kamwa. N'chifukwa chake abambo amene amangopeza mphindi khumi akatha kudya nsima amafunsa za ticharuto ting'onoting'ono, tija m'Chipwitikizi amati cigarrilha. Ndudu amaikulunga m'pepala, koma timeneti kunja kwake kumakhala fodya.

Kwa wogula wa ku Tete, nkhani yoyamba ndi kutentha. Charuto wopichira pamanja amafuna bokosi lachinyezi. Mwezi wa Okutobala mu mzinda uno, akangokhala m'thumba masiku ochepa amauma n'kusweka, ndalama n'kupita pachabe. Ticharuto ta makina ta ku Ulaya timachoka ku fakitale titauma kale, motero dzuwa silitiwononga msanga, ndiponso mtengo wake ndi wotsikirapo.

Kodziwika kwambiri ndi Café Crème, kamene kampani ya Henri Wintermans ya ku Holland inatulutsa mu 1963. Kamabwera m'kachitini kolowa m'thumba la shati, sikakanda pakhosi, ndipo kamatha khofi asanazizire. Vuto lake n'lakuti n'kofewa kwambiri: wozolowera chingambwe angadabwe kuti wagula chiyani. Ameneyo ayese Dannemann wakuda uja wa tsamba la ku Bahia, ku Brazil, kumene kampaniyi inayambira m'zaka za m'ma 1870.

Koma wopambana onse pa ndalama yake ndi Toscanello wa ku Italy. Ameneyu ndi theka la charuto wotchedwa Toscano, ndipo tsamba lake ndi Kentucky wowamba ndi utsi wa nkhuni. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi fodya wa chikopa angalizindikire fungolo nthawi yomweyo. Amapitirira mphindi khumi zija, n'zoona, komabe ngakhale azime n'kumuyatsanso sasintha kwenikweni. Ndi waukali, ndipo womusuta ndi njala amachita chizungulire.

Nanga Cohiba Mini wa ku Cuba? Tsamba ndi la ku Cuba ndithu, koma ndi loduladula, lokulungidwa ndi makina, ndipo ndalama yambiri wogula amalipirira dzina. Tija tonunkhira vanila nato n'tosathandiza, chifukwa fungo lothiralo limaphimba fodya, munthu osadziwanso chimene akusuta.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa sanena. Utsi wa charuto suyenera kukokeredwa m'chifuwa, koma amene anazolowera ndudu amaukoka mosadziwa, makamaka poona kuti kacharutoko n'kofanana msinkhu ndi ndudu. Ndipo ngakhale wosakokayo sapulumuka: khansa ya m'kamwa ndi ya pakhosi imagwiranso osuta charuto. Amene akuganiza kuti asiya ndudu posinthira ku ticharuto akudzinamiza, ndipo amene sanayambe kusuta alibe chifukwa choyambira pamenepa.

Lamulo nalo silisiyanitsa wamkulu ndi wamng'ono. Decreto 11/2007 imaletsa kusuta m'malo otsekeka mosonkhana anthu, monga m'maofesi ndi m'mabasi, komanso kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18. Mphindi khumi zija, tsono, n'za panja, pansi pa mtengo, kutali ndi ana.