Foni imathamanga, mtengo wa malaiti umayenda pansi

Anzanga a mu tauni mwaikonda nyimbo iyi: akuti teknoloje ikukula mowirikiza, ndiye tingodikira, zonse zidzafika zokha mpaka kumudzi. Limeneli ndi bodza, ndipo likutigoneka tulo.

Kuwirikizako kulipo, sindikana. Mu 1965 Gordon Moore, amene pambuyo pake anathandiza kuyambitsa Intel, anaona kuti tizipangizo ta mkati mwa chip tikuchuluka kawiri chaka ndi chaka. Mu 1975 anati zaka ziwiri zilizonse. N'chifukwa chake kafoni kotchipa ka pa City Market kali ndi mphamvu kuposa makompyuta akale amene ankadzaza chipinda chonse. MTN inayambitsa 5G mu 2022, Starlink inafika mu 2023. Zonsezi n'zoona.

Koma kwerani basi ya ku Chipata, mupitirire Chongwe, mulowe m'mapiri a kuno ku Rufunsa. Mukapatuka pa Great East Road kulowera kumidzi ya kwa Shikabeta kapena kwa Mpanshya, mudzapeza malo amene munthu amakwera pachulu kuti foni igwire.

Chimene chimawirikiza ndi chinthu cha m'fakitale. Mtengo wa malaiti suwirikiza. Munthu amakumba dzenje limodzi, kuimika, kukoka waya, mawa lina. Damu ndiye usanene. Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, anayamba kuimanga mu 2015 n'kuimaliza mu 2023. Pa zaka zomwezo, mwa masamu a Moore, chip inawirikiza kanayi konse. Kenako chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima mpaka maola 21 patsiku. Inu a ku Kabwata ndi Chelstone, 5G yanu ija munkaitchaja ndi chiyani?

Palinso china chimene oimba nyimboyi satchula. Chimanga chimathamanga mu Januwale, koma chikatulutsa ngayaye chimaima. Netiweki imachitanso chimodzimodzi. Kampani imayamba kumene kuli anthu ambiri ndi ndalama, imakula msangamsanga, ndipo ikafika pa mudzi wa nyumba makumi atatu kuseri kwa phiri imawerengera mtengo wa tawala, sola, mlonda ndi msewu, n'kubwerera. Si nkhanza, ndi malonda chabe. Otsalawo safikiridwa ndi kudikira. Amafikiridwa ngati wina walamula ndi kulipira: ZICTA pa matawala, REA pa malaiti a kumidzi, khonsolo pa CDF.

CDF imeneyo inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mapulojekiti ake amayambira pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya wadi. Kumeneko kumapita agogo ndi mafumu. Achinyamata odziwa kusiyanitsa 4G ndi 5G amakhala ali pa Facebook, kukangana za maloboti a ku China.