MUNDA WA MALUWA KAPENA NYUMBA YA NKHALAMBA? MKANGANO WA KU NEW YORK

Mkangano umene wabvuta akulu a mzinda wa New York, ku America, kwa zaka zoposa khumi uli pa kamalo kosakwana ndi theka lomwe la ekala. Kamaloka kali pa Elizabeth Street, m'dera la Little Italy pa cisumbu ca Manhattan, ndipo mwini wace ndi mzinda. Ena anafuna kuti pamangidwe nyumba ya nkhalamba zosauka, ena anafuna kuti munda wa maluwa umene uli pamenepo ukhalebe. M'mwezi wa November 2025 a munda ndiwo anapambana, koma njira imene anapambanira iyenera kulingaliridwa bwino.

Kale pamalopo panali sukulu, imene inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali yina inatsala bwinja. M'caka ca 1991 Bambo Allan Reiver, wogulitsa zinthu zamakedzana, anabwereka malowo pa lendi ya madola 4,000 pa mwezi, pangano lace liri la mwezi ndi mwezi. Anacotsa zinyalala, nabzala udzu ndi mitengo, naimikamo mafano ndi zipilala za miyala zimene anali kugulitsa. Kwa zaka zambiri munthu wamba sanali kulowamo mwaufulu. Cipata ca kumseu cinatsegukira anthu onse m'caka ca 2013, patapita caka cimodzi Mai Margaret Chin, phungu wa deralo m'Khonsolo ya mzinda, atapangana ndi Boma la mzinda kuti pamalopo padzamangidwe nyumba zochipa. Ofuna nyumba amachula kawiri-kawiri za kutsatana kwa zaka ziwirizi, ndipo ali ndi cifukwa. Komabe n'zoonanso kuti cicokere caka cimeneco anthu odzipereka ausamala bwino mundawo, ana a sukulu amabzalamo mbeu, ndipo madzulo ena amaonetsamo bayisikopo kwaulere.

NYUMBA YACE

M'caka ca 2017 mzinda unasankha pulani yochedwa Haven Green, ya kampani ya Pennrose pamodzi ndi mabungwe a RiseBoro ndi Habitat for Humanity. Inali nyumba yosanjikiza kasanu ndi kawiri, yokhala ndi malo okhalamo 123, ali onse a cipinda cimodzi cogonamo ndi kucezeramo, cokhala ndi pophikira ndi posambira pace. Olowamo anayenera kukhala a zaka 62 kapena kuposa, opeza ndalama zocepa, ndipo zipinda zina zinasungidwira nkhalamba zimene zinalibiretu pokhala. Kamangidwe kace kanali kamene amisiri amakacha Passive House, ndiko kuti makoma ocindikala ndi mazenera osalowa mphepo, kuti nyumba isunge kufunda kwace yokha. Ku New York cisanu cimaundanitsa madzi, tsono ndalama yotenthetsera nyumba si yamasewera kwa munthu wodya penshoni. Pansi panayenera kukhala masitolo ndi maofesi, ndipo pafupi-fupi gawo limodzi mwa atatu la malowo likadatsala bwalo lolowamo ali yense.

Cipinda cimodzi n'cacing'ono ndithu, mdzukulu wobwera kudzaceza alibe pogona. Ubwino weni-weni wa pulaniyo unali malo ace. Nkhalamba yokhala pa Elizabeth Street ifika ndi miyendo ku sitolo, ku chalichi, ndi pokwerera sitima za pansi pa nthaka, cinkana iyende ndi ndodo. Mwambo wa mizinda yambiri ndiwo kumanga nyumba zotere kunja, kumene malo ali ochipa ndiponso kumene kulibe anansi amphamvu okaniza, kotero kuti wokalamba akhala m'cipinda coyera bwino koma tsiku lonse saona munthu.

Awerengi a m'matauni a kuno aidziwa nkhaniyi m'maonekedwe ena. M'malokeshoni a Salisbury, amene lero ndi Harare, ndi m'makomboni a migodi ya Copperbelt, nyumba inali kuyenda ndi nchito. Nchito ikatha munthu anali kubweza kiyi, popeza Boma linali kuyesa kuti wakuda ali yense ali ndi mudzi wokafera. Ambiri ocokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique amene anakalambira ku Rhodesia analibe kobwerera, ndipo ena anathera m'nyumba za nkhalamba monga Bumhudzo ku Chitungwiza ndi Entembeni ku Bulawayo. Funso la ku New York ndi lomwelo: kodi munthu amene wagwirira mzinda nchito moyo wace wonse ali ndi malo pakati pa mzindawo mphamvu zikamthera?

Kusowa kwace n'kwakukulu. M'caka ca 2016 bungwe la LiveOn NY linawerenga kuti nkhalamba ngati 200,000 zinali pa mndandanda woyembekezera nyumba zothandizidwa ndi Boma, ndi kuti kuyembekezerako kunali kutenga zaka zisanu ndi ziwiri. Wolembetsa ali ndi zaka 70 akadalandira kiyi ali ndi 77, ngati akali moyo.

MAU A ANANSI

Sikuli koyenera kuwayesa a munda anthu ouma mtima onse. Dera lao liri m'gulu la madera osowa kwambiri malo obiriwira, ndipo nkhalamba zina zokhala pafupi ndizo zimakhala pa mabenchi a m'mundamo m'mawa uli wonse. Iwo ananena kuti nyumba yaitali idzachinga dzuwa pa kabwalo kotsalako, ndi kuti nthaka ya munda imamwa madzi a mvula amene akadasefukira m'miseu. Komiti ya deralo, Community Board 2, inaloza malo ena a mzinda pa 388 Hudson Street, kumene kungakwane zipinda zambiri koposa. Mzinda unayankha kuti ufuna malo onse awiri. Yankho limeneli linamveka lamwano, koma poona mndandanda uja linali loona.

Khonsolo inabvomereza pulaniyo m'caka ca 2019. A munda anasuma, nati mzinda sunafufuze mokwanira za kuonongeka kwa malo. Woweruza woyamba anawakomera m'caka ca 2022, bwalo la apilo linatembenuza ciweruzoco m'caka ca 2023, ndipo m'mwezi wa June 2024 Court of Appeals, bwalo lalikulu la cigawo ca New York, linati mzinda unacita mwa lamulo. Pamenepo mlandu ukadatha. Koma anthu ochuka, monga Robert De Niro ndi Martin Scorsese a zithunzi za bayisikopo, ndi woimba Patti Smith, analembera Meya Eric Adams makalata opempha kuti aleke mundawo. Nkhalamba za pa mndandanda zinalibe maina otere kumbuyo kwao.

Meya anakana kwa miyezi yambiri, kenaka anatembenuka. M'mwezi wa June 2025 waciwiri wace, Bambo Randy Mastro, analengeza pangano ndi Bambo Christopher Marte, phungu amene analowa m'malo mwa Mai Chin: munda ukhale, ndipo phunguyo adzalola kuti pa malo ena atatu a m'dera lace pamangidwe nyumba zochipa zoposa 620, zina mwa izo za nkhalamba. Pa pepala 620 iposa 123, ndipo akacitadi zimenezi mzinda udzapindula. Cosiyana n'cakuti Haven Green inali itatha ulendo wace wonse, inali ndi pulani, omanga, cilolezo ca Khonsolo ndi ciweruzo ca bwalo lalikulu, pamene pa tsiku la panganolo malo atatuwo anali malonjezo cabe, ena ace ofuna kusinthidwa kwa malamulo a kamangidwe, ndipo malo ali onse ali ndi anansi ace amene adziwanso njira ya ku bwalo la milandu.

Bambo Zohran Mamdani, amene anapambana cisankho ca Meya pa 4 November 2025, anali atanena kuti adzamanga nyumbayo. Asanalowe pampando kunamveka kuti Boma la Bambo Adams lalemba malowo kukhala paki ya mzinda. Mwa lamulo la kumeneko, malo olembedwa paki sangasandutsidwe cinthu cina popanda cilolezo ca Nyumba ya Malamulo ya cigawo conse ku Albany, ndipo Bambo Mamdani anabvomera kuti kumanga pamenepo kwafika pobvuta kwambiri. Meya woturuka kumanga manja a wolowa motere si cinthu coyamikika, cinkana munthu akonde maluwa bwanji. Munthu amene anali ndi zaka 62 pamene malowo analonjezedwa m'caka ca 2012 anali ndi 75 pamene analembedwa paki, njerwa ngakhale imodzi isanayalidwe.

Pa cisankho comweco anthu a mzindawo anabvomereza kusintha malamulo ena a kamangidwe. Pulani za nyumba zochipa m'madera 12 amene amanga zocepa koposa zinapatsidwa njira yacidule yosadzera ku Khonsolo, ndipo kunakhazikitsidwa komiti ya anthu atatu, Meya, mtsogoleri wa Khonsolo ndi mkulu wa boma la cigawo ca mzinda, imene ingathe kutembenuza Khonsolo ikakana pulani yotere. Aphungu a Khonsolo anatsutsa kolimba kusinthaku, nati kulanda anthu a m'madera mau ao, koma ovota sanawamvere.